Phiko lalikulu ngati chitseko: mmene mpweya umalamulira balansi ya galimoto ya Formula 1

Mpikisano wa magalimoto a Formula 1 wa ku Mexico City umayamba anthu ambiri kuno atagona kale, choncho usiku umenewo tinatsala ochepa pamalo pamene timaonera masewera pa boma la Dedza. Pafupi nane panakhala bambo wina wachikulire amene wakhala akukonza magalimoto m'mbali mwa msewu wa M1 kwa zaka zambiri. Kamera itaonetsa galimoto imodzi chakumbuyo, iwo anandigwira pamkono n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, mu Seputembala muja ku Italy phiko lakumbuyoli linali lopyapyala ngati chikwanje, ndipo munati n'chifukwa choti msewu wake ndi wowongoka. Nanga apa msewu wowongoka si uwu, wautali chonchi? Bwanji aika phiko lalikulu ngati chitseko?" Ndinawayankha mwachidule kuti chinsinsi chili mumpweya wonga umene uli pamwamba pa phiri la Dedza, koma yankho limenelo silinawakwanire, ndipo inenso silinandikwanire, popeza funso lawo likukhudza phata la ntchito ya mainjiniya a masewerawa, ntchito imene chilichonse chomwe wapeza umachigula ndi china chomwe wataya.

Nkhaniyi imayambira pa matayala. Chilichonse chimene galimoto imachita, kaya kunyamuka, kuima kapena kukhota, chimadutsa pa timalo tinayi pamene matayala akhudza phula, ndipo tayala limagwira msewu molingana ndi mmene lapanikizidwira pansi. Amene anakankhapo lole yopanda katundu itakanirira m'matope amadziwa chifukwa chake anthu amauzidwa kukwera kumbuyo, pamwamba pa matayala amene akuzungulira pachabe. Koma kulemera sikungathandize galimoto ya mpikisano, chifukwa kulemera komweko kumene kwapanikiza tayala ndi kumenenso kumafuna kupitirira molunjika galimoto ikafika pokhota, ndiponso ndi kumene mabuleki ayenera kulimbana nako. Chimene mainjiniya ankafuna ndi chinthu choti chipanikize matayala pansi popanda kuwonjezera kilogalamu ngakhale imodzi, ndipo anachipeza mumpweya.

Mphepo yamkuntho ikasasula denga la kalasi, kawirikawiri siikankha malata kuchokera m'mbali mokha, koma imathamanga pamwamba pawo n'kuwayamwa, pamene mpweya wodekha wa m'chipindamo ukuwakankha kuchokera pansi. Phiko la ndege limagwiritsa ntchito kusiyana kotereku kuti linyamule ndege. Mukalitembenuza chadodolido n'kulimangirira pa galimoto, m'malo monyamula limapanikizira galimotoyo pansi, ndipo mphamvu imeneyi ndi imene amaitcha downforce. Mapiko anayamba kuoneka mu Formula 1 m'chaka cha 1968 pa magalimoto a Lotus, Ferrari ndi Brabham, ndipo posakhalitsa matimu anawakweza pamwamba pa timitengo tachitsulo kuti akumane ndi mpweya wosasokonezeka. Mu 1969, pa mpikisano wa ku Barcelona, mapiko a magalimoto awiri a Lotus, ya Graham Hill ndi ya Jochen Rindt, anathyoka pamalo amodzimodzi, magalimotowo n'kuchita ngozi zoopsa, ndipo mapiko ataliatali aja analetsedwa. Mu 2025 galimoto ya Formula 1 inkalemera makilogalamu pafupifupi 800 pamodzi ndi dalaivala, koma isanafike n'komwe pa liwiro lake lomaliza mpweya unkakhala ukuipanikiza ndi mphamvu yoposa kulemera kwakeko.

Ana akakwera minibasi amakonda kutulutsa dzanja pawindo. Dzanjalo likakhala lafulati mphepo imangodutsa, koma mwana akangolipendeketsa zala zitaloza pansi, dzanja limakankhidwira pansi komanso kumbuyo nthawi yomweyo, ndipo palibe kapendekedwe kamene kangamupatse chimodzi popanda chinzake. Kukankhidwira kumbuyoko ndiye mtengo wa downforce, kukaniza kwa mpweya kumene kumabweza galimoto pamsewu wowongoka. Mphamvu ziwirizi zimakula mofulumira kuposa liwiro. Galimoto ikachoka pa makilomita 100 pa ola n'kufika pa 200, siziwirikiza kawiri koma kanayi, ndipo ikafika pa 300 zimakhala zitawirikiza ka 9. Injini ndiye imavutika koposa, chifukwa kuti liwiro liwirikize kawiri, mphamvu yogonjetsera mpweya iyenera kuwirikiza ka 8. N'chifukwa chake kupendeketsa phiko pang'ono chabe kungachotse makilomita angapo pa ola kumapeto kwa msewu wowongoka, pamalo penipeni pamene mnzako akufuna kukupitirira.

Kusankha kukula kwa phiko kumatengera msewu. Wa ku Monaco ndi wa makilomita 3.337, wopanikizika pakati pa nyumba ndi zotchinga zachitsulo, ndipo kona yake yothina kwambiri, yobwerera mmbuyo ngati zina za ku Khwekhwerere potsikira ku Golomoti, amaidutsa pa makilomita pafupifupi 50 pa ola. Kumeneko palibe malo oti kukaniza kwa mpweya kukulange, choncho timu iliyonse imaika phiko lalikulu koposa limene ili nalo. Wa ku Monza, wa ku Italy umene bambo aja anatchula, ndi wa makilomita 5.793 ndipo mbali yaikulu dalaivala amakhala atapondereza moto mpaka pansi. Mu 2020 Lewis Hamilton anauzungulira pa liwiro la makilomita 264 pa ola mukaphatikiza makona ndi mowongoka momwe. Kumeneko mapiko amakhala opyapyala, ndipo madalaivala amalolera kuti galimoto iziterereka pang'ono m'makona. Misewu iwiriyi ndi yosavuta kuisankhira. Wovuta ndi wonga wa Spa ku Belgium, wa makilomita 7.004, umene chigawo chake choyamba ndi chomaliza zili zowongoka koma chapakati ndi makona okhaokha othamanga. Phiko loyenera chigawo chapakati limakuluzitsa nthawi m'zigawo ziwiri zinazo, moti nthawi zina madalaivala awiri a timu imodzi amasankha mapiko osiyana n'kumaliza atasiyana pang'ono chabe.

Tsopano tingabwerere ku funso la bambo aja. Bwalo la ku Mexico City lili pamtunda wa mamita opitirira 2,200 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pamene nsonga ya phiri la Dedza ili pa mamita 2,198. Amene anakwerapo phirili amakumbukira mmene mpweya umaperewerera pachifuwa pofika pamwamba. Pamtunda wotere mpweya umakhala wopepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu kuyerekeza ndi wa m'mphepete mwa nyanja, ndipo mphamvu ya phiko imachepa molingana ndi kupepuka kumeneko. Choncho matimu amaika phiko la ku Monaco, koma downforce imene amapeza imangofanana ndi ya ku Monza, ndipo chifukwa kukaniza nako kwachepa magalimoto amathamangabe modabwitsa: mu 2016 Valtteri Bottas, akuyendetsa Williams, anafika pa makilomita 372.5 pa ola. Mpweya wopepuka suziziritsanso bwino injini ndi mabuleki, motero amakulitsa mipata yotulukira kutentha pathupi la galimoto, ndipo mipata imeneyo imasokoneza mpweya wopita ku phiko lakumbuyo. Bwalo la Kyalami pafupi ndi Johannesburg, kumene Formula 1 inachitikira komaliza mu Africa m'chaka cha 1993, lili pamtunda woyandikira wa tawuni yathu ya Dedza, ndipo nalo linkavutitsa mainjiniya m'njira yofananayo.

Kuchuluka kwa downforce ndi theka chabe la nkhaniyi, ndipo ine ndimaona kuti ndi theka losavuta. Theka lovuta ndi lakuti mphamvuyo ikugwera pati, kutsogolo kapena kumbuyo. Taimani pa Lizulu tsiku la msika muone njinga yamoto ikunyamuka itasenza matumba atatu a mbatata ya kachewere kumbuyo. Tayala lakutsogolo limakhala likungokhudza msewu, mwininjinga amagonera pa handulo kuti alipanikize, ndipo akafika pokhota njingayo imafuna kupitirira molunjika ngakhale iye wakhotetsa. Pa galimoto khalidwe limeneli limatchedwa understeer, kutanthauza kuti matayala akutsogolo ataya msewu akumbuyo akadagwira, ndipo galimoto ikukana kona. Khalidwe losemphana nalo mungalione pa pikapu yopanda katundu pamsewu wafumbi wa ku Tsangano mvula itangogwa: dalaivala akaponda moto pokhota, kumbuyo kumaterereka n'kufuna kupitirira kutsogolo. Imeneyo ndi oversteer. Galimoto yokana kona siopseza, koma imachedwa, popeza dalaivala ayenera kudikira kuti mphuno ikhote asanaponde moto, ndipo imapala matayala akutsogolo. Galimoto yotaya kumbuyo imakhota msanga, koma imawotcha matayala akumbuyo ndipo ikhoza kuzungulira mwadzidzidzi. Balansi ndi malo apakati pa ziwirizi, ndipo vuto lake ndi lakuti malowo sakhazikika ngakhale kwa sekondi imodzi.

Chifukwa choyamba chimene balansi imasunthira ndi liwiro. Pa makilomita 60 pa ola phiko limapereka gawo limodzi lokha mwa magawo 25 a zimene limapereka pa makilomita 300 pa ola. Ndiye kuti pa kona yothina mpweya ulibe mawu ambiri. Amene akulamula ndi masipuling'i, mashokabu, zitsulo zoletsa galimoto kupendekera mbali imodzi, kagawidwe ka kulemera, ndi difu imene imagawa mphamvu ya injini ku matayala awiri akumbuyo. Pa kona yothamanga ngati Copse pa bwalo la Silverstone ku England, imene amaidutsa pa liwiro loyandikira makilomita 300 pa ola, mpweya ndiwo mwini zonse. Tinganene kuti dalaivala akuyendetsa magalimoto awiri m'thupi limodzi, ndipo amafuna zosiyana kwa iliyonse: pa kona yothina amafuna kuti kutsogolo kulume msewu galimoto itembenuke msanga, pamene pa kona yothamanga amafuna kuti kumbuyo kukhazikike, chifukwa kuterereka pa liwiro limenelo sikupereka mpata wokonza. Tsoka lake n'lakuti magalimoto a zaka za 2022 mpaka 2025 mwachibadwa ankachita zosemphana ndi zimenezi, kukana kona zothina n'kumataya kumbuyo m'zothamanga. Matimu ena anapeza njira yoluka phiko lakutsogolo kuti lizipindika pang'ono liwiro likakwera, kuti mphamvu yakutsogolo ichepe pamene siikufunika, ndipo bungwe la FIA, limene limaika malamulo a masewerawa, linakhwimitsa mayeso a kupindika kwa mapikowa kuyambira pa mpikisano wa ku Spain mu 2025.

Wina angaganize kuti galimoto ikakana kona ndi kungowonjezera phiko lakutsogolo basi. Zimathandiza ndithu, koma phiko limeneli ndi loyamba kukumana ndi mpweya, ndipo zonse zimene zili kumbuyo kwake zimadya makombo ake. Mukalipendeketsa kwambiri, mpweya wopita kunsi kwa galimoto ndi ku phiko lakumbuyo umafika utasokonezeka, moti mumapeza pang'ono kutsogolo n'kutaya zambiri kumbuyo, balansi n'kusuntha kuposa mmene munafunira.

Chifukwa chachiwiri chili mkati mwa kona imodzi yomweyo. Dalaivala akaponda mabuleki pa makilomita 320 pa ola, thupi lake limakankhidwira kutsogolo ndi mphamvu yowirikiza kulemera kwake pafupifupi kasanu, mphuno ya galimoto imatsika ndipo kumbuyo kumakwera. Phiko lakutsogolo likayandikira phula limagwira ntchito kwambiri, choncho mphamvu ya mpweya imasunthira kutsogolo pa nthawi imene matayala akumbuyo apepukidwa kale, ndipo apa m'pamene magalimoto ambiri amazungulira. Akamasula mabuleki pakati pa kona, mphuno imadzuka, liwiro latsika, mphamvu ija imathawa kutsogolo, ndipo galimoto imene inali kutaya kumbuyo mamita 50 apitawo tsopano ikukana kukhota. Potuluka amaponda moto, kulemera kumapita kumbuyo, ndipo matayala akumbuyo amafunsidwa kukankha ndi kukhota nthawi imodzi. Zonsezi zimachitika m'masekondi atatu kapena anayi. Mainjiniya amalimbana nazo popanga mikono yogwira matayala m'njira yoti mphuno isamatsike kwambiri, koma akapyola muyeso dalaivala samamvanso bwino pamene tayala lili pafupi kusiya kuzungulira. Dalaivala naye ali ndi mabatani pa chiwongolero osunthira mphamvu ya mabuleki kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo mukayang'anitsitsa kamera ya m'galimoto mudzaona zala zake zikusintha zimenezi pakati pa kona ina ndi inzake.

Kuopsa kwa kupendekera kwa mphuno kunaonekera poyera ku Le Mans ku France mu 1999, pa mpikisano wa maola 24 wa magalimoto a mtundu wina. Galimoto ya Mercedes CLR inapangidwa kuti ikhale ndi kukaniza kochepa chifukwa cha misewu yaitali yakumeneko, koma mphuno yake ikadzuka pang'ono pa kamtunda, makamaka ikutsatira galimoto ina, mpweya unkalowa kunsi n'kuinyamula yonse. Mark Webber anauluka nayo kawiri mpikisano usanayambe, Peter Dumbreck anauluka nayo mkati mwa mpikisano n'kukagwera kunja kwa msewu, ndipo timuyo inachotsa galimoto yake yotsala. Onse awiri anapulumuka.

Gawo lalikulu la downforce silichokera ku mapiko amene timawaona, koma kunsi kwa galimoto kumene kamera siifika. Mukafinya kumapeto kwa paipi yothirira m'dimba madzi amathamanga; mpweya nawo ukapanikizidwa pakati pa phula ndi mimba ya galimoto umathamanga n'kuyamwira galimotoyo pansi. Timu ya Lotus, motsogozedwa ndi Colin Chapman, inaonetsa zimenezi mu 1977 ndi galimoto ya Lotus 78, imene m'mbali mwake munali timipanda tokhudza msewu toletsa mpweya wakunja kulowa, ndipo chaka chotsatira Mario Andretti anatenga chikho ndi Lotus 79. Gordon Murray, injiniya wobadwira ku Durban amene ankagwira ntchito ku Brabham, anayankha poika chikupizo chachikulu kumbuyo kwa galimoto choyamwa mpweya wakunsi. Niki Lauda anapambana nayo ku Sweden mu 1978, koma sinapikisanenso. Ubwino wa mphamvu yochokera kunsi ndi wakuti imabwera ndi kukaniza kochepa poyerekeza ndi ya phiko. Kuipa kwake ndi kwakuti imadalira mpata wa pakati pa galimoto ndi msewu, mpata woyezedwa m'mamilimita, ndipo kampanda kakathyoka kapena galimoto ikadumpha pa bampu mphamvu yonse inkatha kamodzin'kamodzi pakati pa kona. Kuyambira mu 1983 malamulo analamula kuti kunsi kwa galimoto kukhale kwafulati.

Mu 2022 njira imeneyi inabwerera, ndipo inabwera ndi matenda ake akale. Liwiro likakwera galimoto inkayamwidwira pansi mpaka mpata unkachepa moti mpweya unkatsamwa, mphamvu n'kutha, masipuling'i n'kuidzutsa, kenako mpweya n'kuyambiranso kuyamwa, ndipo zimenezi zinkabwerezeka kangapo pa sekondi imodzi. Tinaona mitu ya madalaivala ikugwedezeka ngati ali pa ngolo yodutsa m'mizere, ndipo ku Baku ku Azerbaijan chaka chimenecho Hamilton anatuluka m'galimoto yake ya Mercedes movutikira atagwira msana. Mankhwala ake anali odziwika, kukweza galimoto, koma kuikweza kunali kutaya downforce, ndipo palibe timu inkafuna kuyamba. FIA inalowererapo, ndipo mu 2023 m'mphepete mwa mimba ya galimoto munakwezedwa ndi mamilimita 15. Njira ina ndi kulimbitsa masipuling'i kuti mpata usamasinthesinthe, koma galimoto yolimba chonchi imadumpha pa mabampu ndi pa timiyala ta m'mbali mwa kona, ndipo tayala limene lili m'malere siligwira kanthu. Palinso lamulo la thabwa. Kuyambira mu 1994, chaka chimene Ayrton Senna anamwalira pa ngozi ku Imola ku Italy, kunsi kwa galimoto iliyonse kumamangidwa thabwa lokhuthala mamilimita 10, ndipo likapalika kupyola malire ololedwa (mu 2023 malirewo anali mamilimita 9) galimotoyo imachotsedwa pa zotsatira. Ku Austin ku America mu 2023, pamsewu wa mabampu komanso pa sabata imene matimu anali ndi ola limodzi lokha loyesera, Hamilton anamaliza wachiwiri koma anachotsedwa pamodzi ndi Charles Leclerc wa Ferrari chifukwa cha thabwa limeneli.

Apa m'pamene ndimasiyana maganizo ndi anzanga amene amati galimoto yopambana ndi imene ili ndi downforce yochuluka. Mercedes ya 2022 inali ndi downforce yambiri pa kompyuta, koma inkapezeka pokhapokha galimoto ili pafupi kwambiri ndi phula, malo amene sikanatha kukhalapo pamsewu weniweni. Red Bull ya 2023, yopangidwa motsogozedwa ndi Adrian Newey, inapambana mipikisano 21 mwa 22, ndipo chimene chinkaoneka ndi maso n'chakuti inkakhala yodekha poponda mabuleki, pa kona yothina ndi pa yothamanga, m'misewu yosiyanasiyana. Mphamvu imene imakhalapo nthawi zonse, ngakhale ikhale yocheperapo, ndi yaphindu kuposa yochuluka imene imabwera ndi kuthawa. Komabe ngakhale galimoto imeneyo inali ndi malire ake: mpikisano umodzi umene inaluza unali wa ku Singapore, m'misewu ya mumzinda ya mabampu, kumene Carlos Sainz wa Ferrari anapambana.

Pamwamba pa zonsezi, mpweya umene galimoto imakumana nawo pa mpikisano si wodekha. Galimoto yakutsogolo imasiya mpweya wovundukavunduka ngati fumbi la lole pamsewu wa dothi. Malinga ndi ziwerengero za eni masewerawa, galimoto ya 2021 inkataya 35 peresenti ya downforce ikakhala mamita 20 kumbuyo kwa inzake, ndi 47 peresenti pa mamita 10, ndipo malamulo a 2022 anafuna kutsitsa ziwerengerozi kufika pa 4 ndi 18. Kutsogolo ndiko kumavulala kwambiri, choncho wotsatira amayamba kukana kona, matayala ake amaterereka n'kutentha, ndipo pakapita nthawi amakakamizika kubwerera mmbuyo kuti azizire. Ichi n'chimene chinabweretsa DRS mu 2011, kachitseko ka pa phiko lakumbuyo kamene wotsatira ankaloledwa kutsegula pamalo owongoka akakhala mkati mwa sekondi imodzi. Mphepo yachilengedwe nayo imalowerera, ngakhale itakhala yocheperapo kusiyana ndi mwera wa mu Julayi. Tiyerekeze kuti galimoto ikulowa pa kona pa makilomita 100 pa ola, mphepo ikuomba pa makilomita 20 pa ola. Ikachokera kutsogolo, phiko limamva 120 ndipo mphamvu yake imakwera kufika pa 144 peresenti. Ikachokera kumbuyo, limamva 80 ndipo imatsika kufika pa 64 peresenti. Msewu wa mpikisano ndi wozungulira, ndiye kuti mphepo yomweyo imathandiza pa kona ina n'kusokoneza dalaivala pa ina. Onjezanipo kuti m'zaka zapitazi galimoto inkanyamuka ndi mafuta okwana makilogalamu mpaka 110 n'kumaliza thanki ili pafupi kuuma, komanso kuti matayala akutsogolo ndi akumbuyo satha mofanana.

Balansi yoyenera imadaliranso amene wakhala pa chiwongolero. Max Verstappen amadziwika kuti amakonda galimoto yoluma kwambiri kutsogolo, imene imatembenuka akangokhudza chiwongolero, chifukwa iye amatha kugwira kumbuyo kusanathawe. Pierre Gasly, Alexander Albon ndi Sergio Pérez, onse madalaivala aluso amene anachita bwino m'matimu ena, anavutika kumuyandikira ali m'galimoto ya Red Bull yofanana ndi yake. Sindikhulupirira kuti iwo anaiwala kuyendetsa. Dalaivala amene sakudziwa chimene kumbuyo kuchite amaponda mabuleki mamita awiri msanga ndipo amachedwa pang'ono kuponda moto, ndipo zimenezi zikachitika pa makona 15 zimakwana theka la sekondi, pamene theka la sekondi likhoza kusiyanitsa woyamba ndi wa nambala 10. Timu imakhala ndi chisankho chowawa: kutsata galimoto yothamanga koposa imene munthu mmodzi yekha angaikwanitse, kapena kuifewetsa kuti onse awiri abweretse mapointi.

Mainjiniya saloledwanso kuyesa mmene angafunire. M'chinyumba chouziramo mphepo chimene amachitcha wind tunnel amaloledwa kuika kagalimoto kosapitirira 60 peresenti ya kukula kwa yeniyeni, pa mphepo yosapitirira makilomita 180 pa ola, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene kudumphadumpha kwa 2022 kunadzidzimutsa matimu ambiri atafika pamsewu. Nthawi yoyesera imagawidwa mokondera ofooka: timu yoyamba imapatsidwa 70 peresenti ya muyeso, pamene ya nambala 10 imapatsidwa 115 peresenti. Red Bull itapezeka kuti inapyola malire a ndalama za 2021, inalipitsidwa madola 7 miliyoni n'kudulidwanso 10 peresenti ya nthawi imeneyi, ndipo ambiri anaona kuti chilango chachiwirichi ndicho chinali chowawa. Malamulo a 2026 abweretsa mapiko osuntha, otseguka pamsewu wowongoka ndi kutsekeka pa kona, kuyesa kuthetsa mkangano wakale wa Monaco ndi Monza. Koma taonani kuti asuntha onse awiri, lakutsogolo ndi lakumbuyo pamodzi, chifukwa kutsegula lakumbuyo lokha mochuluka chotero kukanasiya mphamvu yonse kutsogolo pa liwiro loopsa kwambiri.

Galimoto ikangotuluka kukalimbirana malo oyambira Loweruka, malamulo amaitsekera: masipuling'i, kutalika kwake kuchokera pansi ndi phiko lakumbuyo sizisinthidwanso mpaka mpikisano utatha, ngakhale kugwe mvula imene sanaiyembekezere. Mwa zochepa zimene zimatsala m'manja mwa timu ndi kupendeketsa phiko lakutsogolo. Usiku wa Mexico uja, galimoto ina italowa kudzasintha matayala, bambo aja anandigwiranso pamkono. Iwo, pokhala makaniko, sanayang'ane anthu ogwira matayala amene tonse tinkawayang'ana, koma anthu awiri amene anagwada m'mbali mwa mphuno ya galimoto, aliyense ali ndi kachitsulo m'manja. "Awiri awo sanakhudze tayala, aphunzitsi," iwo anatero. "Apotokola chinachake pa phiko." Ndinawauza kuti dalaivala anali atadandaula pa wailesi kuti galimoto ikukana kona, ndipo anthu awiriwo anali ndi masekondi awiri okha oti awonjezere phiko lakutsogolo mofanana mbali zonse ziwiri. Bambowo anakhala chete mpaka galimotoyo inafika pa makona othamanga a chigawo chapakati, kenako anasendeza mpando wawo pafupi ndi kanema kuti aone ngati kumbuyo kuterereke.